Kutsatira mpira uli pa ntchito mumzinda: mmene ndimakonzera sabata

Munthu wapantchito sangaone mpira wonse umene ukuseweredwa, ndipo akaumirira kutero, choyamba kuvutika ndi ntchito yake. Tawerengani nokha. Premier League ya ku England ili ndi matimu 20 ndi masewero 380 pa nyengo, kuyambira Ogasiti mpaka Meyi. Champions League, kuyambira nyengo ya 2024/25, ili ndi matimu 36, ndipo timu iliyonse imasewera kasanu ndi katatu isanafike n'komwe pa ndime yochotsana. Lachinayi kuli Europa League. Onjezanipo ligi ya m'dziko lanu, zikho, timu ya dziko, komanso La Liga ndi Serie A zimene anzanu akuofesi amakamba Lolemba m'mawa. World Cup nayo yakula, ya 2026 ndi ya matimu 48 ndi masewero 104. Tsiku lopanda mpira likusowa. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, ndimalowa 8 koloko m'mawa, ndipo ndimachemerera Liverpool kuyambira ndili mwana. Mpira sindifuna kuusiya ndipo sindikuuzani kuti muusiye. Chimene ndikufuna kukuonetsani ndi mmene mungausungire malo ake mu sabata, nthawi yake, ndalama zake ndi tulo take, kuti usamalande za zinthu zina.

Sankhani Lamulungu madzulo

Lamulungu mpira womaliza ukatha, ndimatsegula kalendala ya mu foni n'kuyamba ndi za kuntchito: msonkhano uli liti, lipoti likufunika tsiku lanji, mwezi ukutha liti. Kwa ife owerengera ndalama masiku otseka mabuku kumapeto kwa mwezi ndi osakambirana. Kwa inu mwina ndi tsiku la mashifiti a m'mamawa, kapena lokumana ndi makasitomala. Zimenezo zilowe kaye. Zikatero ndiye ndimatsegula ndandanda ya masewero n'kuwagawa patatu. Pali amene ndidzaone onse, kuyambira wisulo yoyamba mpaka yomaliza. Pali amene ndidzamvere pa wailesi kapena pa foni ndikuchapa, ndikusita kapena ndili m'basi. Otsalawo ndidzaona zigoli zokha mawa lake, mphindi zisanu kapena khumi, basi.

Lamulo langa ndi lakuti pakati pa sabata ndimaona mpira wausiku umodzi wokha. Liverpool ikasewera Lachitatu, Lachiwiri ndimagona msanga ngakhale kuli Real Madrid ndi Bayern Munich. Poyamba zimapweteka, makamaka mukamva kwa oyandikana nawo nyumba anthu akukuwa, koma thupi limapirira usiku umodzi wochedwa. Mausiku atatu otsatizana ndiwo amakupangitsani kuwerenga mzere umodzi wa imelo katatu osamva chimene ukunena.

Polemba nthawi samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, maiko a ku Ulaya amasintha mawotchi awo kawiri pa chaka, Lamulungu lomaliza la Marichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ngati kwanu mawotchi sasintha, mpira umene munazolowera kuuona nthawi inayake umasuntha ndi ola lathunthu, ndipo m'miyezi ya pakati pa Okutobala ndi Marichi umayamba mochedwerapo. Chachiwiri, ndandanda imene imatuluka nyengo isanayambe si yomaliza. Makampani a wailesi yakanema amasuntha masewero, a Loweruka n'kupita Lamulungu kapena Lolemba usiku. Onaninso sabata iliyonse.

Ndiye musamadzinamize kuti mpira ndi wa mphindi 90. Pali mphindi 15 zopuma, pali zowonjezera, ndipo masiku ano zowonjezerazo zatalika chifukwa cha VAR (kuonanso pa kanema zimene zachitika kuti oyimbira agamule bwino) ndi kusintha osewera. Pa World Cup ya 2022 ku Qatar, masewero a England ndi Iran anawonjezeredwa mphindi zoposa 25 zigawo zonse ziwiri tikaphatikiza. Choncho pa kalendala lembani maola awiri. Akakhala a ndime yochotsana, lembani atatu, chifukwa pangakhale mphindi 30 zina ndi mapenate. Masewero ambiri a Champions League amayamba 21:00 nthawi ya ku Paris ndi Madrid, ena 18:45. Werengani kuti kwanu ikhala nthawi yanji akamatha, muonjezere ulendo wobwerera kunyumba, muonjezerenso theka la ola loti mtima ukhazikike. Nambala imene mwapezayo ndiyo nthawi yeniyeni yogona.

Mpira umene mwausankha uoneni wonse, foni ili pambali. Ichi ndimachinena ndi mtima wonse. Pa 25 Meyi 2005 ku Istanbul, mu fainolo ya Champions League, Liverpool inapita kopuma itagoletsedwa 3-0 ndi AC Milan, kenako Gerrard, Smicer ndi Alonso anabweza zigoli zitatu m'mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo chikho chinapita ku Liverpool pa mapenate. Pa 13 Meyi 2012, Sergio Agüero anapatsa Manchester City ligi ndi chigoli cha m'mphindi zowonjezera. Amene amaona masewero asanu mwa apo ndi apo, diso lina pa kanema lina pa WhatsApp, samva kukoma kwa zoterezi. Masewero amodzi oonedwa ndi mtima wonse amakhutitsa kuposa asanu oonedwa mwachidule.

Usiku wa mpira ndi m'mawa wake

Chinsinsi cha usiku wa mpira ndi kumaliza za mawa mpira usanayambe. Ndikaweruka ndimafika n'kusita malaya ndi thalauza, kupukuta nsapato, kuika laputopu, chaja ndi chiphaso cha kuntchito m'chikwama, n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Ndimasamba ndi kudya osewera asanalowe m'bwalo. Nthawi yopuma ija ndimatsuka mbale, kutsuka mkamwa ndi kutchera alamu. Oyimbira akangomaliza, chotsala ndi kuzimitsa magetsi.

Pamenepo ndiye pamagwera ambiri. Chimene chimadya tulo si mpira weniweniwo koma ola lotsatira, la kukangana m'magulu a WhatsApp, kuona chigoli chomwecho kakhumi, kumvetsera mphunzitsi akudandaula za oyimbira. Magulu a mpira ndimawatseka mawu usiku, ndipo foni imagona patebulo patali ndi bedi. Zonse zimene anzanu alembe zidzakhalapobe mawa, ndipo yankho lolembedwa m'mawa limakhala lanzeru kuposa lolembedwa magazi akuwira.

Akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse. Mukadziwa kuti Lachitatu mupeza asanu okha, Lachiwiri ndi Lachinayi gonani msanga. Khofi musamudalire madzulo: pakapita maola pafupifupi asanu, theka la kafini amene munamwa amakhala adakali m'thupi, ndiye kapu ya 6 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito nthawi imene mukufuna kugona. Zakumwa zopatsa mphamvu n'chimodzimodzi. Mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha, n'chifukwa chake munthu amadzuka wotopa ngakhale wagona maola okwanira. Pakati pa sabata ndimaonera kunyumba ndi madzi akumwa. Kuonera pagulu, phokoso ndi kusekana ndimasungira Loweruka ndi Lamulungu.

Mawa lake, ngati kuntchito kwanu kuli malo, gonani mphindi 20 nthawi ya nkhomaliro, osapitirira, chifukwa mukalowa tulo tofa nato mumadzuka mutu uli wolemera. Ntchito yofuna kusamala kwambiri, monga kuyanjanitsa manambala kapena kulemba kalata yofunika, ndimayesetsa kuimaliza tsiku la mpira lomwelo masana.

Kuofesi

Mpira umathandiza kuntchito kuposa mmene anthu amaganizira. Mlonda wa pageti, dalaivala ndi bwana wamkulu amatha kuima limodzi mphindi zitatu akukambirana za penate ya dzulo, ndipo mnyamata kapena mtsikana wongoyamba kumene ntchito amadziwika msanga kudzera pamenepo. Koma dziwani malire. Timu ya abwana ikagonja, "Bwana, dzulo zinavuta ndithu" ndi zokwanira, adziyankhira okha ngati akufuna kupitiriza. Mnzanu wofanana naye mungamuseke, koma mukaona kuti nkhope yasintha, siyani. Kumbukiraninso kuti m'chipinda chomwecho muli ena amene mpira sawakhudza, ndipo ola lathunthu la mkangano wa Messi ndi Ronaldo kwa iwo ndi phokoso chabe.

Musaonere mpira pa intaneti ya kuntchito kapena pa kompyuta ya kampani. A zamakompyuta amatha kuona zimene zikudutsa pa netiweki, ndipo masamba ambiri oonetsa mpira mwakuba amadzadza ndi mavairasi ndi zotsatsa zachinyengo. Pakakhala fainolo kapena ulendo wotsatira timu, pemphani tchuthi poyera, nthawi idakalipo. Kunamizira kudwala mawa lake la fainolo aliyense amazindikira, ndipo tsiku limene mudzadwaledi anthu adzakayikira.

Ngati mumasewera Fantasy Premier League, masewera a pa intaneti osankha timu yanu kuchokera mwa osewera a mu ligiyo, kusintha timu kumatsekedwa mphindi 90 masewero oyamba a sabatayo asanayambe. Konzani timu yanu Lachinayi madzulo, muionenso kamodzi nkhani za ovulala zikatuluka, osati kukhalira pomwepo Lachisanu lonse. Mauthenga a mphekesera za kugula osewera mu Januwale ndi pakati pa chaka azimitseni. Wosewera akasainadi, mumva.

Za kunyumba ndinene mwachidule. Amene mumakhala naye, kaya ndi mkazi, mwamuna, m'bale kapena mnzanu, muonetseni kalendala ija Lamulungu lomwelo. Munthu amalolera mosavuta akadziwiratu kuti Lachitatu usiku mulibe, kusiyana ndi kuuzidwa mpira utayamba. Masabata amene ligi imaima kuti matimu a maiko asewere, komanso miyezi yopuma ya pakati pa chaka, ndi nthawi yoyendera achibale ndi kuchita zimene munalonjeza.

Ndalama

Malipiro akalowa, ndimapatula gawo limodzi la mpira, ndipo zonse zimachokera mmenemo: kulipira kanema, bandulo ya intaneti, tiketi, ulendo, jezi. Zikatha zatha. Amene mumaonera pa foni dziwani kuti chithunzi chowala kwambiri cha HD chimatha kudya mpaka 3GB pa ola, pamene chapakatikati chimadya pafupifupi 1GB kapena kucheperapo. Pa foni yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, choncho tsitsani. Kumvera ndemanga zokha kumadya zochepa kwambiri. Jezi matimu akuluakulu amasintha chaka chilichonse, ndipo ya nyengo imene ikutha imatsika mtengo yatsopano ikamatuluka. Jezi ya zaka zitatu zapitazo imaonetsanso kuti simunayambe dzulo.

Pa kubetcha ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndaona anzanga a maphunziro abwino ndi malipiro abwino akumira. Ine sindibetcha, ndipo chifukwa changa ndi masamu, ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze chinthu cha mbali ziwiri zofanana mwayi. Malipiro achilungamo akanakhala 2.00 mbali iliyonse, kutanthauza kuti wopambana alandira kawiri ndalama imene anaika, koma kampani imaika 1.90. Munthu wina akaika 100 mbali iyi, wina 100 mbali inayo, kampani yalandira 200 ndipo ilipira 190 yekha wopambanayo. Otsala 10 ndi a kampani, kaya zitha bwanji. Kachidutswa kameneko kali pa kubetcha kulikonse, ndipo mukabetcha kambirimbiri ndi inu amene mumakalipira.

Tiketi yobetchera masewero ambiri pamodzi ndiye yoipa koposa, ngakhale ndi imene imakopa. Tinene kuti mwasankha matimu asanu, iliyonse ili ndi mwayi wa 60 pa 100 wopambana, umene ndi mwayi wabwino ndithu. Kuti onse asanu apambane limodzi, mwayi umatsika kufika pafupifupi 8 pa 100. Akakhala khumi, sufika ngakhale 1 pa 100. Mawu akuti "yandigwetsa timu imodzi yokha" amene mumamva Lolemba lililonse si tsoka, ndi mmene masamuwo amayendera. Anthu amakonda kutchula Leicester City, imene inatenga ligi mu 2016 makampani a kubetcha ataipatsa mwayi wochepetsetsa wa 5000 kwa 1. Nkhaniyo imakambidwabe chifukwa zotere sizichitikachitika.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kubetcha kumasintha maso a munthu. Amayamba kuonera makona ndi makhadi achikasu, kusangalala ndi chigoli cha timu imene amadana nayo, mwinanso kufunira timu yake yomwe kuti igoletsedwe kuti tiketi idutse. Ndipo vutoli silisankha osauka. Mu 2023 Ivan Toney analetsedwa kusewera miyezi 8 ndipo Sandro Tonali miyezi 10 chifukwa chophwanya malamulo a kubetcha, anthu olandira ndalama zimene ambiri a ife sitidzazigwira. Bungwe la World Health Organization limaika chizolowezi cha njuga m'gulu la matenda. Ngati mumabetcha, ikani malire mwezi usanayambe, musabwereke, ndipo musabetche pofuna kubweza zimene mwaluza. Mukadzipeza mukubisa kwa a kunyumba, kugwira ndalama ya lendi, kapena kuona zotsatira za ligi zimene simukuzidziwa n'komwe pakati pa msonkhano, chotsani mapulogalamuwo mu foni ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira. Makampani ambiri ovomerezeka ali ndi njira yodzitsekera akaunti kwa nthawi yaitali. Igwiritseni ntchito.

Sewerani nanunso

N'zomvetsa chisoni kuti munthu amadziwa kutalika kwa mtunda umene wosewera wapakati wathamanga, iye atakhala pampando maola asanu ndi atatu kuofesi ndi awiri ena pa sofa. World Health Organization imalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera olimbitsa thupi apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Ola limodzi la mpira wa asanu asanu limakufikitsani kale patali.

Kuti gulu lotere lisafe pakatha mwezi, tsiku ndi nthawi zikhale zosasintha, ndipo lisakhale Lachiwiri kapena Lachitatu, masiku amene kumakhala Champions League. Mayina alembedwe pofika masana a tsikulo, ndalama ya bwalo isonkhedwe mpira usanayambe, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika wosunga mpira ndi pampu. Chikwama chizipita nanu kuntchito m'mawa, chifukwa mukati mudzere kaye kunyumba, mpando ukugwirani. M'changa mumakhala nsapato m'pepala lakelake, masokosi aatali, zotchinga miyendo, kabudula, thaulo laling'ono, botolo la madzi ndi bandeji yomangira akakolo.

Musatsike m'basi n'kuyamba kuthamanga liwiro. Minofu ya kuseri kwa ntchafu imene yakhala yopindika tsiku lonse ndiyo imayamba kung'ambika. Tenthetsani thupi kaye: kuthamanga pang'onopang'ono, kuyenda cham'mbali, kukweza mawondo, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera mawondo ali opinda pang'ono, kenako liwiro lalifupi. Ndondomeko ya FIFA 11+ inakonzedwa pa ntchito yomweyi, imatenga mphindi pafupifupi 20 ndipo mavidiyo ake ali pa intaneti. Nsapato zigwirizane ndi bwalo. Za zisonga zazitali pa kapinga wapulasitiki kapena pa simenti zimakola phazi thupi likutembenuka, ndipo bondo ndilo limalipira. Mukabinya akakolo, tulukani, ikani ayisi wokulunga m'nsalu, mangani, kwezani mwendo. Mukalephera kuponda ngakhale masitepe anayi, pitani kuchipatala akajambule. Amene wagunda mutu n'kuchita chizungulire asabwerere m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale aumirire chotani.

Ku bwalo lenileni

Kamodzi pa mwezi, ndalama zikalola, siyani kanema mupite kukaona timu ya mumzinda mwanu. Kanema amatsatira mpira, koma muli pabwalo mumaona zimene kamera imasiya: wotchinga kumbuyo akukalipira anzake kuti akwere, wakutsogolo akuthamangira malo opanda munthu kasanu osapatsidwa mpira, goloboyi akudziyankhula yekha. Matimu amenewa amadaliranso anthu olipira pachipata.

Gulani tiketi pasadakhale, kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo fikani ola limodzi mpira usanayambe. Ngozi zambiri za m'mabwalo zimachitikira pazipata, anthu ochedwa akamakankhana kuti alowe. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa ku Ellis Park ku Johannesburg pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Mu Januwale 2022 anthu 8 anafa pa chipata cha bwalo la Olembe ku Yaoundé, Cameroon ikukumana ndi Comoros mu Africa Cup of Nations. Mukaona khamu lapanikizana pachipata, bwererani m'mbuyo mudikire, ngakhale muphonye chigoli choyamba. Mukalowa, yang'anani potulukira pawiri musanakhale pansi. Mpanipani ukakupezani, ikani manja patsogolo pa chifuwa kuti mupeze mpata wopumira, musalimbane ndi khamu koma yendani nalo mukusendera cham'mbali, ndipo chimene chagwa pansi, kaya ndi foni, chisiyeni.

Khalani mbali ya ochemerera timu yanu, foni ndi chikwama cha ndalama zikhale m'thumba lakutsogolo, ndipo gwirizanani ndi anzanu malo okumanirana, chifukwa pamene pali anthu masauzande netiweki imavuta. Mpira ukatha khalani pampando mphindi 15, khamu liyambe lachepa. Ngati masewerowo anali a mkangano ndipo njira yanu ikudutsa kumene kwasonkhana a timu inayo, valani juzi pamwamba pa jezi mpaka mutakwera galimoto.